Mipando Iwiri ku Wertheim

Inali isanakwane seveni koloko m'mawa, ndipo chifunga chinali chitakuta mtsinje wa Main moti nyumba za tsidya linalo sizinkaoneka. Eckhard anali atadzuka kalekale. Anali atakulunga chinsalu cha mthunzi, atapukuta mame pagalasi lakutsogolo, ndipo tsopano ankazungulira galimoto yawo yogonamo ngati munthu amene wataya kanthu mu udzu. Sanataye kanthu. Ankangodikira kuti mkazi wake, Gudrun, amalize kumwa khofi.

Anasuzumira pakhomo.

"Khofi ameneyo ali m'mbiya kodi? Sakutha?"

"Akutentha," anatero Gudrun, osatukula maso.

"Thiramo mkaka."

"Ndinathira mkaka ku Seligenstadt. Ndinathira ku Klingenberg. Lero ndimwa mmene alili."

Eckhard anayang'ana m'bwalomo. Magalimoto ogonamo anali ndondondo m'mbali mwa mtsinje, makatani ali chitsekere, koma cha kumapeto wina anali atayamba kale kukulunga chingwe chake cha magetsi. Ameneyo akupita kumtunda kwa mtsinje kapena kumunsi? Akakhala wa kumtunda ndiye kuti akulowera ku Wertheim, kumene iwonso ankapita. M'nyengo yotentha, aliyense woyenda ndi galimoto zoterezi amadziwa kuti malo a mzere wa kumadzi amatha dzuwa lisanafike pamutu. Wochedwa amakaima kumbuyo, pafupi ndi potayira za m'chimbudzi, n'kumaonera msana wa galimoto ya mnzake. Chiyambire ulendo wawo Eckhard anali asanaimepo kumbuyo.

"Eckhard," anaitana Gudrun. "Tawuni iyi ndaiona liti ine?"

"Si dzulo? Unaiona."

"Pazenera. Mvula ikugwa tsiku lonse, iwe utatseka theka la zenera ndi matako ako pokonza chitseko cha kabati."

"Chitsekocho chinkagwa."

"Miltenberg sindinaione. Klingenberg ndinaiona ndikuthamanga pambuyo pako ngati mwana wochedwa kusukulu. Ukandifunsa mmene tchalitchi cha ku Seligenstadt chilili m'kati, ndingokuuza za nsapato zako, chifukwa ndi zimene ndinkatsatira." Anaika kapu patebulo. "Ndikuuze bwinobwino, usadzati sunamve. Galimoto iyi ikachoka muno tisanayende m'tawuni umu modekha, ine ndikwera sitima, ndibwerera ku Kassel. Maluwa anga akuuma kumeneko chifukwa cha ulendo woonera matayala."

Sanakweze mawu. Gudrun sankakweza mawu. Eckhard anaima chala chili pa mlomo, ndipo mutu wake unayamba kugwira ntchito mmene unkagwirira zaka zonse zimene ankakonza ndandanda ya mabasi a mumzinda. Kumeneko kunalibe vuto limene silinkatha. Anthu akachuluka mbali ziwiri, ulendo umodzi unkagawidwa pawiri, basi.

"Ndiye tichite chonchi," anatero, nkhope itawala. "Iwe utsale. Uyende mmene ukufunira, ulowe m'matchalitchi onse, uwerenge ndi miyala ya kumanda yomwe. Ine nditsogole ndikagwire malo ku Wertheim. Masana ukwere sitima, imangotsata mtsinje womwewu, posakhalitsa wafika. Ukandipeza nditayala kale mipando."

Gudrun anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wamva zimene ndanena?"

"Ndamva. Ukufuna kuona tawuni modekha. Uiona."

"Ndekha."

"Si umanena wekha kuti ine ndimakuthamangitsa? Lero palibe wokuthamangitsa."

Gudrun anatsuka kapu yake, anaipukuta, anaiika m'kabati. Anavala juzi, anatenga chikwama chake cham'manja, n'kutsika. Chifunga chinali chitayamba kung'ambika, ndipo tsidya linalo madenga ofiira anayamba kuonekera limodzilimodzi, pamwamba pake linga lakale lili phee pakati pa mitengo.

"Pita, Eckhard," anatero.

Iye anamva ngati wavomera. Anazula chingwe cha magetsi, anachotsa timatabwa ta pansi pa matayala, ndipo mkazi wake asanafike pa mlatho wolowera m'tawuni, galimoto inali itatuluka kale m'bwalo.

Msewu wa ku Wertheim umakhotakhota ndi mtsinje. Eckhard sanauone mtsinjewo. Maso ake anali pa chinthu choyera chimene chinkaoneka ndi kubisika kutsogolo: galimoto yogonamo ina, njinga ziwiri zitamangidwa kumbuyo. Anaitsata mpaka anapeza powongoka, anaipitirira, ndipo mtima unakhala pansi pang'ono. Kenaka kutsogolo kunaonekanso ina. Podutsa ku Freudenberg anaona makoma a linga paphiri, dzuwa litangowagunda kumene.

"Taona ilo," anatero, akuloza ndi chibwano.

Mpando wa pambali pake unali ndi mapu okha.

Ku Wertheim anafika nthawi yabwino. Mzere wa kumadzi unali wodzaza, koma banja lina linkalongedza. Eckhard anaimika galimoto pafupi pawo, injini osazimitsa, kuti aliyense wobwera pambuyo aone kuti malowo ali ndi mwini. Anthuwo ankalongedza ngati akusamuka mudzi. Mayiyo anakung'untha kakapeti, anakapinda, anakatambasulanso. Bamboyo anapita kukataya zinyalala n'kuima kucheza ndi munthu panjira. Eckhard ankaimba ng'oma ndi zala pa chiwongolero. Atachoka, analowa chambuyo kamodzi n'kamodzi, anaika timatabwa, analumikiza magetsi, anatulutsa tebulo ndi mipando iwiri yopinda n'kuiyang'anitsa kumadzi.

"Aneba! Mwalowatu ngati mukuthawa apolisi!"

Wolankhulayo anali bambo wa chimimba, wovala kabudula ndi masokosi aatali, amene ankakazinga masoseji pa kachitofu kunja kwa galimoto yoyandikana nayo. Anati dzina lake ndi Jupp, wa ku Köln, ndipo anapereka chigongono chifukwa manja anali mafuta okhaokha.

"Mipando iwiri, munthu mmodzi. Winawo ndi woikapo mapazi?"

"Ndi wa akazi anga. Akubwera pa sitima."

"Pa sitima!" Jupp anatembenukira ku zenera la galimoto yake. "Marlies, tamva izi! Kunja kuno kuli anthu anzeru. Ali ndi nyumba ya matayala, koma mayi amawatumiza pa sitima ngati katundu. Ine ndinalephera bwanji kuganiza zimenezi?"

"Yesa uone," anayankha mawu a mayi ali m'kati.

Eckhard anaseka pang'ono, chifukwa sanadziwe chochita china. Anakhala pa mpando wake. Malo anali abwino zedi. Madzi ankayenda mwaulesi patsogolo pake, chombo chachitali chonyamula mchenga chinadutsa, galu ali njo pamwamba pa mchengawo. Anakhala kanthawi kochepa, anaimirira, anasuntha tebulo, anakhalanso. Anayang'ana wotchi. Masana anali kutali.

Ndiye anapita kukaona tawuni. Anadutsa pa nsanja ina yosongoka, yopendekeka pang'ono, analowa m'tinjira topanikizika ta miyala, anatulukira pamsika pamene nyumba za mitanda yoonekera m'makoma zimatsamirana ngati nkhalamba pa maliro. Pakhoma lina panali mizere yosonyeza pamene madzi osefukira anafika zaka zosiyanasiyana, ina pamwamba pa mutu wake. Gudrun akanaima apa, anaganiza. Akanawerenga chaka chilichonse mokweza, n'kufunsa kuti anthu ankaika kuti ana ndi nkhuku. Iye anangowerenga wapamwamba n'kupitirira. Anakwera masitepe a ku linga la paphiri osapuma, thukuta lili kamukamu, ndipo atafika pamwamba pa makoma ake ofiira, pansi pake mitsinje iwiri ikukumana, chinthu choyamba chimene maso ake anafunafuna chinali denga la galimoto yake. Linalipo, loyera, mzere woyamba. Magalimoto ena atatu ankazungulira bwalo pang'onopang'ono ngati akabawi. Anamva kukoma, koma kukomako analibe womuuza.

Potsika anagula zidutswa ziwiri za keke ya maapozi. Tawuni yonse anali ataimaliza, koma belu la pa tchalitchi linali lisanaimbe la masana.

Ataika keke m'firiji, anatembenuka kuti atuluke, ndipo maso ake anagwa pa kambedza ka pafupi ndi chitseko. Chichokere ku Kassel, makiyi a kunyumba ankalendewera pamenepo, ndipo ankalira ngwelengwele pa bampu iliyonse. Kambedzako kanali kopanda kanthu. Anayang'ana pansi, anatukula kakapeti, anatsegula kabati ya masipuni. Kenaka anasiya kufunafuna, chifukwa ankadziwa kuti Gudrun wawatenga.

Ku siteshoni anafika nthawi isanakwane. Anayenda uku ndi uku papulatifomu, anawerenga ndandanda ya sitima kuyambira pamwamba mpaka pansi, anapezamo zinthu ziwiri zimene iye akanakonza mwanjira ina. Sitima inabwera. Munatsika ana asukulu, anthu a njinga ovala zothina, mayi wina wa ndodo. Zitseko zinatsekeka. Eckhard anaimabe mpaka papulatifomu panatsala iye ndi njiwa.

Anaimbira Gudrun, ndipo foni inaitana nthawi yaitali asanayankhe.

"Uli kuti?"

"Pa siteshoni," anatero Gudrun.

"Yakusiya? Palibe vuto, pali ina..."

"Sinandisiye. Ndinaiona. Inaima, inatsegula zitseko, inatseka. Yaukhondo ndithu."

Eckhard anasinthira foni ku khutu lina.

"Ndabwera kudzagula tikiti ya mbali inayo, ya ku Kassel," anapitiriza Gudrun. "Ndikwera yamadzulo, dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri. Pano ndikubwerera m'tawuni, sindinamalize. Kuli kanjira kena kotulukira kuseri kwa msika, kolowa m'nkhalango. Umadziwa kuti kuli kanjira koteroko?"

"Gudrun, malo ndapeza a kumadzi. Mzere woyamba. Atsekwe akubwera mpaka pa mipando."

"Uwapatse moni."

"Ndagula keke. Ya maapozi."

"Udye zonse ziwiri, usataye."

"Nanga ukufuna ndichite chiyani?"

"Wokonza ndandanda si ine," anatero, n'kudula.

Pobwerera ku bwalo anayenda mofulumira ngakhale kunalibe chothamangira. Bwalo linali litadzaza mpaka kumbuyo. Pachipata panali magalimoto awiri odikira, madalaivala atatulutsa zigongono pamawindo. Eckhard analowa m'galimoto yake, anatuluka, anaizungulira, anagwira chingwe cha magetsi n'kuchisiya. Pa maulendo awo onse anali asanabwererepo m'mbuyo. Munthu ukachoka pamalo wachoka; ndi mmene ulendo umayendera. Ndipo akachoka pano tsopano, Lachisanu masana, malowa sawaonanso.

"Katundu uja sanafike?" anafunsa Jupp, amene tsopano anali atagona pa mpando wautali, botolo la mowa lili pamimba.

"Atsalira ku Miltenberg."

"Atsalira kapena akana?"

Eckhard anayang'ana mipando iwiri ija. Jupp anadzuka, nkhope itasintha pang'ono.

"Aa, aneba, musaoneke ngati mwaferedwa. Zimachitika izi. Wangayu anandisiyapo ine ku Cochem chifukwa cha nkhani ya anyezi. Kawatengeni mayi. Si patali."

"Malowa..."

"Malo? Mwayamba liti kuyenda inu? Siyani tebulo ndi mipando pomwepo. Aliyense akaona mipando amadziwa kuti mwini wangopita kukagula buledi. Ndiponso ine ndilipo, mlonda waulere. Wobwera pafupi ndimuuza kuti muli ndi agalu anayi."

"Jupp," anatero mawu aja m'kati, "usamagawire anthu uchitsiru wako. Sungako wina wa mawa."

Koma Eckhard anali atapepukidwa kale. Nzeru imeneyi ankaidziwa, anangoiwala chifukwa cha kusokonezeka. Anakokera tebulo pakati penipeni pa malowo, anaika mpando uku ndi uku, anapachika thaulo pa mpando umodzi kuti pazioneka kuti pali anthu. Anapatsana manambala a foni ndi Jupp. Potuluka pachipata, mmodzi wa odikira aja analiza injini, koma ataona mipando anazimitsanso, ndipo Eckhard anamugwedezera mutu mwaulemu.

Msewu womwe uja, pobwerera, unali wina. Dzuwa linali m'maso. Kutsogolo kunali thirakitala yokoka ngolo ya udzu, ndipo powongoka paliponse pankabwera galimoto kuchokera kutsogolo. Eckhard ankakonza mawu. Anena kuti wapepesa, amutsegulira chitseko, ndipo akathamanga pang'ono akafika ku Wertheim nthawi ya chakudya chamadzulo, akadya keke ija akuonera madzi. Mawa akamuonetsa mizere ya madzi osefukira ija, n'kumusiya awerenge yonse. Zinkaoneka zolongosoka.

Atadutsa Freudenberg, galimoto inagunda kadzenje, ndipo kumbuyo kunali zii. Nthawi zonse pa kadzenje kotero mipando inkagundana m'chipinda cha katundu, phokoso limene Gudrun ankadana nalo. Lero kunalibe chogundana. Eckhard anachepetsa liwiro ngakhale thirakitala inali itapatuka kale. Anayamba kuona chinthu chimene sanachione pamene ankapachika thaulo lija. Anayang'ana dzuwa. Linali litatsamira paphiri. Nthawi yobwerera kukatenga mipando panalibe.

Pa siteshoni ya Miltenberg poimika magalimoto panali podzaza. Anazungulira kamodzi, kenaka anachita chinthu chimene ankatukwanira anthu zaka zonse za ntchito yake: anaimika galimoto poima basi.

Gudrun anali pa benchi kunja kwa siteshoni, nsapato atavula, mapazi atawasanjika pamwamba pake. Pambali pake panali kathumba ka pepala. Mphuno yake inali itapsa ndi dzuwa. Anavala nsapato mosafulumira, anaimirira, ndipo Eckhard anathamanga kukatsegula chitseko chakutsogolo.

"Ndabwera," anatero.

Gudrun sanalowe. Anayenda m'mbali mwa galimoto mpaka kumbuyo, anatsegula chitseko cha chipinda cha katundu, anasuzumira. Munali chingwe cha magetsi, timatabwa, ndowa, keni yothirira maluwa imene ankatungira madzi. Pamene pankakhala mipando panali malo chabe.

"Mipando?"

"Ili ku Wertheim."

"Ikutani?"

Eckhard anayang'ana nsapato zake.

"Ikusunga malo."

"Ndiye sunabwere," anatero Gudrun. "Wangobweretsa galimoto kudzanditenga."

Anatseka chitsekocho bwinobwino, anakankhanso ndi dzanja kuti atsimikize kuti chagwira, n'kulowera kupulatifomu ndi kathumba kake. Eckhard anatsala ataima, chitseko chakutsogolo chili yasa. Mapanga awiri avumbwitsa. Anamva chimkuzamawu chikulengeza sitima ya ku Aschaffenburg, njira ya ku Kassel, ndipo anathamanga, akupapasa foni m'thumba.

Anamupeza ataima pafupi ndi mzere woyera wa m'mphepete mwa pulatifomu. Anaimbira Jupp, anatsegula mawu kuti amveke kunja, n'kugwira foni pakati pawo awiri.

"Aneba!" anakuwa Jupp. "Musadandaule, linga lili m'manja mwathu. Ndathamangitsa kale awiri. Wina ndamuuza kuti ndinu wamkulu wa apolisi."

"A Jupp, pindani mipandoyo. Tebulonso."

"Mwati bwanji?"

"Pindani. Malowo apatseni amene akufuna."

"Aneba, mwamwa chiyani kumeneko? Mzere wa kumadzi, Lachisanu! Pali wina pano wa chigalimoto chachikulu ngati tchalitchi, wakhala akuyang'ana mipando yanu ngati fisi pa khola. Ameneyu akalowa sachoka mpaka Khirisimasi."

"Mpatseni."

"Mayi ali pomwepo kodi? Mayi, moni! Mwawachita chiyani amuna anuwa? M'mawa uja anali munthu wabwinobwino."

Gudrun ankayang'ana njanji.

"Nanga mipando yanuyi?" anafunsa Jupp.

"Iikeni pansi pa galimoto yanu. Mukamachoka tisanafike, muisiye kwa woyang'anira bwalo. Kapena muzikhalapo."

"Marlies, tapeza mipando!" Panamveka kukhuluza kwa zitsulo pa miyala, kenaka Jupp akukuwira wina patali: "Bwerani, bwana mkubwa, Mulungu wakuonani lero! Pang'onopang'ono, musandipondere masoseji!" Kenaka injini yaikulu inalira m'foni muja, ikuyandikira, ndi kachizindikiro kolira pii, pii, pii pobwerera m'mbuyo.

Eckhard anamvetsera mpaka injiniyo inazima. Zinamupweteka kuposa mmene ankayembekezera, ndipo anachita manyazi kuti zamupweteka. Anadula foni.

Sitima inalowa. Zitseko zinatseguka patsogolo pawo penipeni. Anthu anatsika, ena anakwera, ndipo Gudrun anali chiimire, tikiti ili m'manja.

"Mpaka liti?" anafunsa.

"Mpaka unene iwe."

"Ndipo mawa kukamacha udzakhala ukuzungulira galimoto ngati galu womangidwa."

"Mwina. Za miyendo yanga sindingalonjeze," anatero Eckhard. "Koma injini sindiliza."

Gudrun anamuyang'ana, anayang'ana m'sitima muja mmene munali mipando yambiri yopanda anthu. Zitseko zinalira, zinatsekeka. Sitima inanyamuka pang'onopang'ono, ndipo mphepo yake inagwedeza kathumba ka pepala kaja.

"Tikitiyi ndi ya lero lokha," anatero Gudrun, akuiika m'chikwama. "Koma amagulitsa tsiku lililonse. Usaiwale."

"Sindiiwala."

Kunja kwa siteshoni hutala inalira mwaukali, inaliranso. Eckhard anatulutsa maso.

"Basi yafika!" anatero, n'kuthamanga.

Dalaivala wa basi anali atatsegula windo. "Madala, mwaona ngati pano ndi pakhomo panu? Ndikuyalireni mphasa?"

"Pepani, pepani, achimwene! Ndalakwa ine!"

"Anthu a magalimoto amenewa! Dziko lonse ndi chipinda chanu chogona!"

Eckhard anakwera, nkhope ili psuu. Gudrun anakwera mbali yake, anachotsa mapu pa mpando n'kuwaika pansi. Pakona pa mlomo wake panali kanthu kena, koma anayang'ana kunja.

M'bwalo limene anachokamo m'mawa, malo awo aja anali ndi eni ena, amene anali atayala kale chakudya chamadzulo, makandulo ndi botolo la vinyo zili patebulo. Mzere wachiwiri unalinso wodzaza. Panatsala kamalo kamodzi kumapeto kwenikweni, pakati pa mpanda wa msewu ndi potayira madzi akuda. Nthaka yake inali yopendekeka. Eckhard analowa, anatuluka, analowanso, anaika timatabwa, koma galimoto inakanabe kukhala mowongoka. Kutsogolo kwa galasi kunali msana wa galimoto ina, wolembedwa mayina a mayiko amene eni ake anafikako. Mtsinje sunkaoneka. Kuti uuone unkayenera kuima ndi zala za kumapazi ndi kusuzumira pakati pa magalimoto awiri, ndipo unkangoona kachidutswa kofiira ndi dzuwa lolowa.

Gudrun anakhala pa sitepe ya pakhomo poti panalibe pena pokhala. Anavulanso nsapato. Anatulutsa keke ija m'firiji, yomwe inali itaphwanyika mbali imodzi ndi mabampu, n'kuyamba kudya ndi zala.

"Mawa tiyambira kumsika," anatero. "Pali kasupe wa mwala wofiira. Tikakhala pamenepo."

"Kenaka?"

"Kenaka tikakhalabe."

"Linga lija nanga? Amatsegula nthawi yanji?"

"Sindikudziwa. Sindinafunse."

Lole inadutsa pamsewu, mpanda unanjenjemera. Eckhard anaima pang'ono manja ali m'thumba, anawatulutsa, anayang'ana kumene akanakhala. Maso ake anapita okha ku mzere wa kumadzi, n'kuyamba kuyenda galimoto ndi galimoto: uyu wamanga kale njinga kumbuyo, ameneyu achoka m'mawa, uyo wayanika zovala, sachoka. Wanjingayo akachoka, munthu atakhala tcheru, ndi nkhani yongosuntha pang'ono, osatuluka n'komwe m'bwalo.

"Eckhard."

"Ndikungoyang'ana."

"Ndakuona."

Anatembenuka, anatsegula chitseko chakumbuyo. Thanki ya madzi inali itatsala pang'ono kuuma, poti m'mawa uja sanafune kuchedwa pa mpopi. Anatenga keni yothirira maluwa ija n'kupita. Pa mpopi panali bambo wina amene ankatsuka ndowa yake mosamala ngati ndi mbale ya alendo, ndipo Eckhard anaima pambuyo pake, akusinthasintha mwendo, mpaka anamaliza. Anadzaza keni, anabwerera nayo atapendekera mbali imodzi, madzi akumudonthera m'nsapato. Anatsegula kachivundikiro ka m'mbali mwa galimoto, analowetsa mlomo wa keni, anathira mpaka dontho lomaliza. Kenaka anabwerera ku mpopi kukatunga ena.